Makanjira ankalankhula bwanji?

Nkhani zopeka zotsamira pa mbiri ndimazikonda, koma sindiziyeza ndi kukongola kwa chikuto kapena zithunzi ayi. Ndimamvetsera pakamwa pa anthu a m'nkhanimo.

Tinene kuti wolemba wasankha 1891, chaka chomwe Harry Johnston anakhazikitsa Fort Johnston, Mangochi wa lero, ndipo Captain Maguire anaphedwa pomenyana ndi ankhondo a Makanjira. Zaka azipeza m'mabuku. Nanga chilankhulo? Makanjira anali Myao wochita malonda ndi Aswahili. Kumulankhulitsa Chichewa cha m'kalasi, chomwe chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, n'kumuveka malaya obwereka.

Taonani liwu loti boma. Linachokera ku Chiswahili, likutanthauza mpanda kapena linga. Mfumu ya nthawiyo ikadandaula kuti "boma likutizunza", ndiye kuti akulankhulayo ndi wolemba, osati mfumu.

Kupeka sindikuletsa. Pekani zokambirana, pekani mnyamata wopalasa bwato usiku. Koma yambani mwawerenga Chiikala cha Wayao, buku la Yohanna Abdallah la 1919, mumve mmene eni ake ankafotokozera za mafumu awo. Apo bii, ana athu adzaloweza mbiri ya Mangochi yopanda mawu a eni dera.