Luso Loika Kankhope Pamalo Pake

Mawu olembedwa alibe nkhope. Mnzako akakuuza pamaso kuti "wachedwatu," maso ake ndi kamvekedwe ka mawu zimakudziwitsa ngati akungocheza kapena wakwiya. Koma mawu omwewo akafika pa WhatsApp amafika ali ouma, ndipo wowalandira amatsala akudzifunsa ngati walakwa. Mpata umenewu ndi umene ma emoji anabwera kudzatseka. Ine ndimaona kuti kuwagwiritsa ntchito bwino ndi luso ndithu, ndipo mutu wa lusolo ndi kudziletsa.

Kudziletsako kunalipo kuyambira pachiyambi. Mu 1999, Shigetaka Kurita wa ku Japan anajambulira kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo tizithunzi 176. Kalikonse kanayenera kukwana m'kabokosi ka timadontho 12 m'litali ndi 12 m'lifupi. Pamalo ochepa chonchi panalibe pokometsera: mtima unayenera kuoneka mtima, ambulera ioneke ambulera, munthu akangoponyapo diso. Kadontho kosathandiza tanthauzo kanalibe malo. Sizodabwitsa kuti mu 2016 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inatenga tizithunzito n'kutisunga pamodzi ndi ntchito za akatswiri ena.

Wolemba uthenga amafunika mtima womwewo. Taonani mawu awa: "Ndalama ija waiwala?" Mukaikapo kankhope komwetulira kamodzi, mwakumbutsa ngongole ubale uli chilili. Mukaikapo kankhope kotembenuza maso, mwadzudzula. Mukandandalika tinkhope khumi, koseka, kolira, moto, mtima ndi ena, wowerenga sadziwanso chomwe mukunena. Emoji ili ngati mchere m'ndiwo: wochepa umatulutsa kukoma, ukachuluka m'mbale simupitanso dzanja.

Chachiwiri n'kudziwa amene mukumulembera, pakuti kachithunzi kamodzi sikanena chimodzimodzi kwa aliyense. Ku China achinyamata ambiri amaona kankhope komwetulira pang'ono ngati mnyozo, pamene makolo awo amakatumiza ndi mtima woyera. Ku Canada, mu 2023, khoti la m'chigawo cha Saskatchewan linagamula kuti mlimi amene anayankha ndi chala chachikulu choloza m'mwamba atatumiziridwa chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu ya fulakesi, ndiye kuti anavomera mgwirizanowo. Iye anati ankangosonyeza kuti uthenga wafika, koma analamulidwa kulipira ndalama za ku Canada zoposa madola 82,000. Chala chimodzi chinasanduka siginecha.

Nanga kankhope koseka mpaka misozi kaja, kamene a Oxford Dictionaries anakasankha kukhala mawu opambana a chaka cha 2015? Pafoni yaing'ono, kwa munthu wa maso otopa, chimene chimayamba kuoneka ndi misozi iwiri, osati kukamwa kotsegulako. Pagulu la pabanja pakafika uthenga woti agogo atisiya, amalume n'kutumiza kankhope kameneka katatu poganiza kuti akulira, adzukulu amangoti kakasi. Mtima unali wabwino, koma chithunzi chinanena zina. Choncho katswiri amayang'ana kaye asanadine.

Tikumbukirenso kuti zida zimenezi sizinasulidwe kwathu. Bungwe la Unicode Consortium ndilo limavomereza emoji yatsopano, ndipo mufoni mwanu muli sushi ndi pizza koma mulibe mtanda wa nsima. Wojambula wa ku Côte d'Ivoire, O'Plérou Grebet, ataona kusowa kotereku, mu 2018 anayamba kujambula kachithunzi kamodzi tsiku lililonse kosonyeza zakudya, zovala ndi machitidwe a kwawo. Ntchito yake imatiphunzitsa kuti pali zambiri za ife zimene tizithunzi ta mufoni sitingathe kunena, ndipo pamenepo mawu a chinenero chathu ndi amene ayenera kugwira ntchito.

Apa m'pamene pagona luso lalikulu: kuzindikira pamene emoji iyenera kukhala chete. Chiyambire 2016, Facebook inatipatsa mwayi wosonyeza chisoni pongodina kamodzi, ndipo lero pansi pa uthenga wa maliro pamadzaza tinkhope tolira ndi manja opemphera. Sindikunena kuti otumizawo alibe chisoni. Koma wofedwa akamadzawerenga mauthenga anthu atabalalika pasiwa, tinkhope tonse timafanana. Sangasiyanitse ka mnzake wapamtima ndi ka munthu wongodutsa. Chimene chimamugwira mtima ndi mzere umene wina anakhala pansi n'kuulemba: "Pepani achemwali, mayi anatilera tonse. Mawa tifika."

Choncho yambani mwalemba mawu, muwawerenge, kenako mudzifunse ngati akusowa nkhope. Ngati akusowa, sankhani kamodzi koyenera. Ngati nkhaniyo ndi yolemera, monga maliro, matenda kapena kupepesa mutalakwira munthu, lembani mawu okwanira, muimbe foni, kapena munyamuke mukaonane naye.