Momwe Chilembwe analukira kalata yake

Mu Novembala 1914, patangopita miyezi iwiri asilikali akuda atagwa ku Karonga pankhondo yoyamba ya dziko lonse, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Ambiri timamukumbukira ndi kuukira atsamunda komwe anatsogolera pa 23 Januwale 1915, koma ine ndimabwererabwerera kukalata ija kukaonerera mmisiri ali pantchito.

Sayamba ndi ukali. Akusankha mawu ofatsa, akuti ife taitanidwa kunkhondo, ndipo woitanidwa amaloledwa kufunsa kuti komwe akumuitanirako kuli chiyani. Kenako akuvomera zonse zomwe mzungu akanakonda kumva: inde, takhala okhulupirika chiyambire boma lino, mbendera sitinaigwetsepo, pankhondo iliyonse taima kutsogolo. Panalibe wotsutsa, pakuti anyamata akuno anali atamenya kale nkhondo ku Ashanti mu 1900 ndiponso ku Somaliland. Wowerenga akugwedeza mutu kuvomereza, osadziwa kuti phazi lalowa kale mumsampha.

Pomwe pagona luso ndi apa. Akuika nyengo ziwiri pasikelo imodzi. Pamtendere zokoma zonse n'za azungu, ife timangolandira mayina achipongwe. Pankhondo, taonani, tasanduka ofanana, oyenera kukhetsa mwazi limodzi. Sakutukwana munthu. Akungoyala mbali ziwirizo poyera, monga amachitira mkulu wodziwa milandu pabwalo la mfumu, amene amaleza mtima mpaka mnzake atadzimanga yekha ndi lilime lake. Chimandigwira mtima n'chakuti mfundo iliyonse yaima pa inzake ngati njerwa. Mutachotsa kuvomera kwa poyamba kuja, kuyerekeza nyengo ziwirizi kungangomveka ngati dandaulo wamba.

Ndipo sakulankhula za m'malere. Akutchula anthu gulu ndi gulu: olemera, a mabanki, eni masitolo, eni minda ikuluikulu, kuti ngati nkhondoyi ndi ya chuma ndi ulemu, apite iwowo. Pambali pawo akuimika mmphawi wopanda kalikonse, amene akafa amangosiya akazi ndi ana amasiye. Amene wapindula ndi amene wafa ukuwaona ndi maso.

Kumapeto akutsitsa mawu, kusiya nkhani m'manja mwa boma ndi mwa Mulungu, n'kusaina m'malo mwa anthu a dziko lake. Funso lake, loti wakuda adzapezapo chiyani nkhondo ikatha, linatsala likudikira yankho. Boma linayankha pochotsa kalatayo m'nyuzipepala.