Zilembo za Mafundikwa ndi makoma a ku Aerodrome

Mwana wa mchemwali wanga wamaliza Fomu 6 ndipo akufuna kukaphunzira za dizaini. Bambo ake, amene anathera unyamata wawo pansi pa mgodi wa Trojan, anangoti kujambula si ntchito. Nkhani inabwera kwa ine monga malume. Ndisanayankhe, ndinafukula buku la Saki Mafundikwa, Afrikan Alphabets, lomwe linatuluka mu 2004, n'kuliwerenganso pakhonde panga kuno ku Aerodrome, ku Bindura. Funso langa linali limodzi: kodi bukuli lingawayankhe alamu angawa?

Mafundikwa anaphunzira ku Yale, nagwira ntchito ku New York, kenako anabwerera kwawo n'kutsegula sukulu ya ZIVA ku Harare mu 1999. Dzinalo m'Chishona ndi liwu lomwe ife timati "dziwa". Mfundo ya buku lake ndi yakuti Afrika sanadikire mzungu kuti adzamuphunzitse kuika ganizo pa chinthu chooneka. Akutionetsa zilembo za Avai a ku Liberia zomwe Momolu Duwalu Bukele anayambitsa m'ma 1830, za Mfumu Njoya ya ku Cameroon, komanso zizindikiro za adinkra ku Ghana ndi nsibidi ku Nigeria.

Mphamvu ya bukuli ili pa maso. Analilemba ndi mmisiri, choncho chilembo amachipatsa malo kuti uone mokhota ndi mowongoka mwake. Mwana woliwerenga sangakhulupirirenso kuti luso limeneli ndi la eni ake akunja. Koma kufooka kwake kuli pomwepo. Bukuli ndi la m'Chingerezi, linasindikizidwa ku America, ndipo zilembo zake zimaoneka ngati chuma chosungidwa m'kabati yagalasi. Limakudzaza ndi ulemu, koma silikuuza mmene chilembo chimadyetsera munthu. Mwina sichinali cholinga chake, komatu funso la alamu anga ndi lomwelo.

Yankho ndinalipeza nditatseka buku. Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzasaka ntchito m'migodi ya dziko lino, osadziwa kuwerenga Chingerezi. Pansi pa mgodi panasonkhana Achewa, Ayao, Asena ndi Amashona, aliyense ndi lilime lake. Chomwe onse ankamva mofanana chinali chikwangwani: chigaza cha munthu, mphezi yokhotakhota, utoto wofiira. Alipo wina amene anakhala pansi n'kuganiza kuti munthu wotopa, ali m'kamdima, fumbi lili m'maso, aziona chiyani poyamba. Dizaini ndi imeneyo, ndipo ikalakwika kumudzi kumagwa maliro.

Chinanso tili nacho pabwalo pathu. Za kudambwe saulula, koma zotuluka pabwalo amaona ndi aliyense. Gule Wamkulu anabwera m'makomboni a m'migodi pamodzi ndi makolo athu, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamulemekeza monga chuma cha dziko lonse. Simoni akatulukira patali, kufiira kwa nkhope yake kumakuuza kale kuti akunyoza mlendo wopsa ndi dzuwa. Kasiyamaliro sasowa womulengeza. Popanda chilembo ndi chimodzi chomwe, mwana ndi nkhalamba amawerenga uthenga womwewo. Sukulu ya dizaini imene ingaphunzitse mwana wa kuno za Bauhaus ya ku Germany n'kudumpha zimenezi, yamuphunzitsa theka.

Komabe tisanamizane kuti chinthu chikakhala chathu ndiye kuti chatheka. Nolence Mwangwego anakhazikitsa zilembo zake ku Malawi mu 1997, zokongola ndithu, koma ine sindinazionepo pa golosale kapena pa minibasi. Chilembo chimakhala ndi moyo chikamagwira ntchito pamsika. Tsono taonani msika wathu. Kale zikwangwani ankalemba ndi munthu wa bulashi, amene ankayamba wayeza khoma ndi maso. Lero aliyense amatsitsa chithunzi pa foni n'kukachisindikiza pa pulasitiki. Mabutchala onse akufanana, nyama ya pa chithunzi si ya ng'ombe zathu, mawu apanikizana moti uli m'galimoto sungawerenge. Makina achuluka, maso ophunzitsidwa achepa. Ntchito ilipo: pa botolo la chiponde, pa chidziwitso cha kuchipatala, pa thumba la mbewu, ngakhale pa ndondomeko ya EcoCash imene agogo amadina polandira ndalama.

Alamu anga ndinawakumbutsa chaka cha 2008, pamene Trojan inaima ndipo mabanja ambiri anasowa pogwira. Ntchito ya mumgodi ndi yaulemu, koma mtengo wa nickel amaupangira kutali, ife osafunsidwa. Luso la m'manja ndi m'maso umayenda nalo.

Mwanayo ndinam'patsa bukulo, ndi mawu akuti aliwerenge ngati khomo, asaliyese nyumba. Za fizi tagwirizana kuti tisonkherana. Koma asanakwere basi ya ku Harare, ndamuuza ayambe walemba chikwangwani cha pa benchi ya tomato ya mayi ake, choti munthu wodutsa pa njinga awerenge mtengo asanapitirire. Akakhoza apo, bambo ake sadzafunanso buku lowatsimikizira.