Za Mau Akuti "Ambiri" m'Kafukufuku wa Ziyankhulo

Pali chizoloŵezi chimene chazika mizu m'mapepala athu, ndipo ndi bwino kuti tichiunike. Wofufuza amafunsa anthu 100 za chiyankhulo chimene akufuna kuti ana awo aphunziremo. Anthu 55 akatchula chiyankhulo chimodzi, iye amalemba molimba mtima kuti "ambiri" m'boma lonselo akufuna chimenecho. Kodi anthu 100 angayankhulire boma lonse motere?

Masamu ali ndi yankho lake. Mu 1937 Jerzy Neyman analongosola njira yotchedwa confidence interval, yopezera malire aŵiri amene chiŵerengero chenicheni chiyenera kukhala pakati pake. Pa chitsanzo chathuchi, titatsata muyeso wozoloŵereka wa 95 peresenti, malirewo ndi 45 ndi 65. Tsono theka, 50, lili m'kati mwa malirewo, kutanthauza kuti ofuna chiyankhulocho angathe kukhala ochepera theka. Mau akuti "ambiri" alibe poimira. Akadafunsa anthu 400 napeza gawo lomwelo, malire akadakhala pafupifupi 50 ndi 60, ndipo ngakhale pamenepo akadayenera kuyankhula mosamala. N'chifukwa chake bungwe la Afrobarometer kaŵirikaŵiri limafunsa anthu 1,200 m'dziko limodzi, nilinena poyera kuti zopeza zake zingaphonye ndi 3 peresenti uku kapena uko.

Komabe tisaiyese njirayi mankhwala ochiza nthenda zonse. Imangoyesa kuphonya kobwera kaamba kofunsa anthu oŵerengeka, ndiponso imafuna kuti ofunsidwawo asankhidwe mwamaere. Ophunzira a m'kalasi la wofufuza mwini, amene ambiri a ife timawadalira chifukwa ali pafupi, sanasankhidwe motero.

Kuphonya kwina kumagona m'funso lenilenilo. Taonani kalembera wa ku Malaŵi. Wa 1966 anapeza kuti anthu 50.2 peresenti ankayankhula Chinyanja pakhomo, ndipo patapita zaka ziŵiri, mu 1968, chiyankhulochi chinakhazikitsidwa kukhala cha fuko lonse pa dzina lakuti Chicheŵa. Wa 1998 anaŵerenga Chicheŵa ndi Chinyanja padera: 57.2 ndi 12.8. Wolemba amene ayerekeza 50.2 ndi 57.2 wasiya m'mbali anthu ochuluka ndithu, pakuti kuphatikiza ziŵirizo kumapereka 70. Palibe malire a masamu amene angamuchenjeze za cholakwa chotere, popeza gwero lake ndi dzina limene wofunsidwa anapatsa chiyankhulo chake.

Nkhani ya Chilomwe ndiyo yofuna kufatsa koposa. Chinatsika kuchoka pa 14.5 mu 1966 kufika pa 2.4 mu 1998. Kutsika kwakukulu chotere si kwa mwayi ai. Koma tisanakutche imfa ya chiyankhulo, tiyenera kuyamba taona mmene funso linafunsidwira m'zaka ziŵirizo, ndi zimene munthu wa ku Phalombe ankaona kuti n'zoyenera kuyankha pamaso pa kalaliki wa boma.