Mawu a M'chigwa, Buku la M'Chingerezi: Kuunika Buku la Cahora Bassa

Mphunzitsi wa ku Ulongwe wofuna kufotokozera ana chifukwa chomwe chigawo cha Tete chimapangira magetsi ochuluka pomwe midzi yambiri ikugona mumdima adzapeza yankho m'buku la Allen ndi Barbara Isaacman lotchedwa Dams, Displacement, and the Delusion of Development, lomwe lidatuluka mu 2013. Allen Isaacman, wa ku yunivesite ya Minnesota, wakhala akufufuza mbiri ya chigwa cha Zambezi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo adaphunzitsapo pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo.

Bukuli likuwonetsa kuti damu la Cahora Bassa, lomwe lidamangidwa ku Songo pakati pa 1969 ndi 1974, lidali chida cha ndale. Apwitikizi ankafuna kuti nyanja ya damulo itchinge njira ya asilikali a Frelimo, komanso kuti boma la tsankho la South Africa liwathandize kuteteza ulamuliro wawo. N'chifukwa chake gawo lalikulu la magetsiwo, omwe amafika mamegawati 2,075, limayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku siteshoni ya Apollo ku South Africa. Ufulu udabwera mu 1975, koma Portugal idagwiritsitsa magawo 82 pa 100 a kampani ya damuli mpaka mu Novembala 2007.

Mphamvu ya bukuli ili m'mawu a anthu wamba. Olembawa adacheza ndi alimi, asodzi ndi antchito mazanamazana. Kudzera mwa iwo tikumva za anthu oposa 30,000 omwe adasamutsidwa mokakamiza n'kukaikidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, ndi za alimi a kumunsi omwe kale ankadziwa nthawi yodzaza mtsinje n'kumadzala m'matope achonde, koma pano madzi amatsegulidwa potsata zofuna za makina, n'kukokolola mbewu. Apa bukuli likuposa malipoti omwe amangowerenga mamegawati ndi ngongole.

Zofooka zake ndi ziwiri. Choyamba, nkhani ikuthera mu 2007, choncho mgwirizano wa nthambo zotumiza magetsi kuchokera ku Matambo kupita ku Phombeya m'Malawi mulibemo, ngakhale kuti kwa anthu a m'malire ngati a ku Angónia funso la amene adzapindule ndi magetsi owoloka malire ndi lamoyo. Chachiwiri n'chachikulu: agogo omwe adafotokoza zowawa zawo m'zinenero za m'chigwa, monga Chinyungwe ndi Chisena, mawu awo adasindikizidwa koyamba m'Chingerezi. Bukuli lidalandira mphotho kunja, koma zidzukulu za eni nkhani sizingaliwerenge m'zinenero zawo. Wolima ndi wina, wokolola ndi wina.

Ili si vuto la olemba awiriwa okha. Ndi momwe ntchito yaukatswiri imayendera, poti wofufuza amakwezedwa akalemba m'chinenero cha magazini akunja. Koma maphunziro a zinenero ziwiri, omwe adayesedwa ku Tete ndi ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997, asamathere pa nthano ndi kuwerenga manambala. Mwana wophunzira m'Chinyanja ayenera kupeza mawu okambira za damu, mgwirizano wa mayiko ndi mtengo wa magetsi. Aphunzitsi odziwa zinenero zonse ziwiri atha kuyamba ndi mutu wa kusamutsidwa kwa anthu, n'kuufupikitsa m'masamba ochepa oti awerengedwe m'kalasi.