Njovu Tazimva, Nanga Ng'anjo?

Ndatopa nazo ndakatulo zotamanda Paki ya Kasungu ngati timabuku tokopa alendo tochokera ku Capital Hill: njovu, mbidzi, dzuwa likulowa padamu la Lifupa, basi. Alakatuli anzanga, tikungonyambita pamwamba. M'pakimo muli ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zojambula pamiyala, umboni wakuti makolo ankakhalamo malowa asanasanduke paki mu 1970. Nako ku Chongoni, ku Dedza, komwe UNESCO idakuzindikira mu 2006, kuli malo 127 a zojambula, zina za chinamwali ndi Nyau. Wazilakatula ndani? Kaoneni nyama, inde, koma mukapemphenso okuperekezani akusonyezeni ng'anjo. Apo ayi, ana athu a ku Area 47 adzakula akuyesa kuti mbiri ya dziko lino idayamba ndi azungu.