Ulemu kwa omasulira mafilimu

Kukangoda m'munsi mwa phiri la Tumbine ku Milange, nyumba za vidiyo zimadzaza. Mabenchi amathina, ana nkumasuzumira m'mipata ya nsungwi. Ndimawagwadira anyamata omasulira mafilimu. Pakamwa pamodzi, koma amalankhulira aliyense: mwana wamasiye wa ku India woimba pamsewu, mayi womulera, ngakhale bwana womudyera masuku pamutu. Nyimbo ikayamba amakhala chete, chifukwa amadziwa kuti nyimbo siifuna womasulira. Ndiye mu 2020, Patience Namadingo ataimba Linny Hoo ndi agogo a Giddes Chalamanda, kanema wa nyimboyo anaoloka malire a pa Muloza popanda chiphaso. Tinaona kuti kutchuka kumapezanso wa imvi, wolankhula chinenero chathu chomwechi.